Chisanu cha June ndi July ndiye nthawi yomanga miyendo pa njinga

Kuno ku Chipata June akangolowa anthu ambiri amene ali ndi njinga zochitira masewera amaziimika kuseri kwa chitseko, ati tidikire kaye kufunde. Ukamufunsa munthu kuti bwanji akulu simukuonekanso m'mawa, yankho ndi lomwelo lomwelo, kwazizira maningi, tidzayambanso August. Ine maganizo amenewa ndimawakana ndithu ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino, chifukwa kagulu kathu komwe timatchova limodzi Loweruka kakuchepa pa nthawi imene kanayenera kuchuluka, ndipo zimenezi zikundipweteka mtima.

Tangoonani chaka chathu mmene chimayendera. Kuyambira November mpaka March kapena April ndi mvula, misewu yadothi imasanduka matope, tcheni chimadya mchenga, ukanyamuka kuli dzuwa sudziwa ngati ubwerako wouma. September kumayamba kutentha, October ndiye osachita kunena, masana kumadutsa madigiri 30 ndipo ikangoti 9 koloko phula limakhala layamba kale kukuwamba kumaso. Ndiye mwatsala ndi chiyani? May, June, July ndi August basi. Mvula kulibe, kumwamba kuli mbee, m'mamawa madigiri amatsikira cha m'ma 10 kapena 12 koma masana amangofika cha m'ma 24 kapena 25 n'kuima pomwepo. Munthu ungathe kukhala pa chishalo maola atatu olo anayi mutu osawawa ndi dzuwa. Nyengo ina yoposa imeneyi kuno kwathu kulibe.

Anzathu a ku Ulaya chisanu chawo chimabwera December mpaka February ndipo chawocho ndi chenicheni, msewu umaundana, dzuwa limalowa 4 koloko masana. Koma ndi m'miyezi yomweyo mmene akatswiri awo amamanga thupi lokapikisana nalo mipikisano ikayamba, ena amamangirira njinga pa makina m'nyumba n'kumatchova pamalo amodzi, matimu akuluakulu amakwera ndege kupita ku Spain, ku Calpe kapena ku Mallorca, kukasaka dzuwa lofunda pang'ono ndi misewu youma. Nyengo imene iwo amailipirira ndalama zambiri chonchi ife imatipeza tili pakhomo, ndiponso tauni yathu ili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, mapiri atizinga mbali zonse, chitunda sitichita kuchifunafuna.

Manje nkhani yeniyeni imene ndikufuna anzanga aimve ndi iyi: nyengo ino si yothamanga. Ndi yotchova mtunda wautali koma pang'onopang'ono, pang'onopang'ono kwenikweni mpaka iwe mwini uzikayikira ngati ukuchitadi masewera. Muyeso wake ndi wosavuta, sufuna wotchi yodula. Ngati ungathe kucheza ndi mnzako amene ali pambali pako, kumufotokozera nkhani yonse ya mtengo wa feteleza mpaka kumaliza osadukiza mawu kuti upeze mpweya, ndiye kuti uli pa liwiro loyenera. Ukayamba kuyankha mawu awiriawiri, eee, ayi, kaya, dziwa kuti wadutsa malire, tsitsa giya. Amene ali ndi mawotchi owerenga kugunda kwa mtima angayerekeze chonchi: chotsani zaka zanu pa 220, nambala yotsalayo ndi pafupifupi pamene mtima wanu umalekezera, ndiye muziyenda pakati pa 60 ndi 70 peresenti ya nambala imeneyo. Munthu wa zaka 40 zikutanthauza cha m'ma 110 mpaka 125 pa mphindi. Kawerengedwe kameneka ndi kongoyerekeza chabe, anthu timasiyana, n'chifukwa chake ine ndimakhulupirira kwambiri muyeso wa kucheza uja.

Pali wofufuza wina wa zamasewera dzina lake Stephen Seiler, wa ku America koma amagwira ntchito ku Norway, amene anayang'anitsitsa mmene akatswiri othamanga mtunda wautali, opalasa mabwato ndi otchova njinga amakonzekerera. Anapeza kuti pafupifupi 80 peresenti ya zokonzekera zawo amazichita mofatsa, yotsalayo ndiye amadzifinya zenizeni. Ndiye ngati anthu amene amadya za njinga amathera nthawi yambiri akuyenda mofatsa, ife aphunzitsi, ogulitsa m'mashopu a ku Down Shops, alimi ndi anamwino tikuthamangira kuti?

Chimene chimachitika m'thupi ndi chosangalatsa kuchimva. Ukamayenda mofatsa nthawi yaitali mtima umazolowera kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, ndiye sufunikanso kugunda kambirimbiri kuti ugwire ntchito yomweyo. Munthu wamba akakhala pansi mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, koma amene wazolowera mtunda wautali umatsika kufika m'ma 50 olo kucheperapo. M'minofu ya m'miyendo mumaphuka timitsempha tina ting'onoting'ono tobweretsa magazi, ndipo tizigawo ta m'maselo totchedwa mitochondria, tomwe timasandutsa chakudya kukhala mphamvu, timachuluka. Thupi limaphunziranso kuwotcha mafuta m'malo mongodalira shuga amene limasunga m'minofu ndi m'chiwindi, poti shuga ameneyo ndi wochepa, ukathamanga kwambiri amatha mu ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Zonsezi sizioneka sabata yoyamba ayi, zimatenga masabata 6 mpaka 8 kuti uyambe kumva kusintha. Ine ndimaziona ngati kuthira chimanga m'nkhokwe, dengu limodzi silioneka kuti lawonjezera kanthu koma ndi zomwezo zimene udzadye njala ikafika, ndipo njala ya wanjinga ndi chitunda cha pa kilomita ya 70 dzuwa la September lili pamutu.

Ndipo zimenezi si nzeru zachilendo kuno. Tulukani m'mbandakucha muime m'mbali mwa msewu wa ku Lundazi kapena wa ku Mfuwe muone azibambo amene amabweretsa malasha m'tauni. Matumba awiri kapena atatu atamangidwa pa keliyala ndi mphira, lina litapingasa pamwamba, njinga yopanda magiya, patapata kumapazi. Sathamanga anthu amenewa. Mwendo umazungulira mofanana kuchokera kumene anyamukira mpaka ku Kapata, pachitunda chachikulu amatsika n'kukankha opanda manyazi, pamwamba amakweranso. Tsiku lina tinayenda kamtunda ndi amdala ena otere, ine ndili pa njinga yanga ya magiya, iwo ndi katundu wawo yense akundifunsa bwinobwino za kumene timagula matayala oonda, mpweya wawo uli phee. Nditawafunsa kuti kodi amdala simutopa, anangoseka n'kunena kuti mwana wanga, ukalimbana ndi msewu umakugonjetsa, umafunika kuunyengerera. Anyamata a kabaza nawonso chimodzimodzi, tsiku lonse kunyamula anthu kuchoka ku Saturday Market kupita ku Magazine, ku Mchini, ku Nabvutika, mphamvu zawo zili m'kusathamanga. Anthu amenewa ndimawapatsa ulemu kwambiri, ndipo ndimakhumudwa ndikaona mnyamata wovala helemeti yowala akuwadutsa mopanda ndi moni womwe.

Vuto la kagulu ngati kathu ndi loti anthu akakumana, mpikisano umayamba wokha popanda woulengeza. Mumanyamuka bwinobwino mukucheza, mukangotuluka m'tauni wina amadutsa kutsogolo pang'ono, wachiwiri safuna kutsala, wachitatu wayimirira kale pa mapedulo, pofika pa chitunda choyamba gulu lamwazikana, obwera kumene atsala okha kumbuyo akupuma wefuwefu. Loweruka lotsatira munthu uja sabweranso, ndipo ndani angamunene? Kuwonjezera apo Strava, pulogalamu ya pa foni yolemba mtunda ndi liwiro limene watchova, yatisokoneza, aliyense akufuna dzina lake lioneke pamwamba pa kachigawo kena ka msewu kuti akaponye pa WhatsApp. Sindikudana nayo Strava, imathandiza kuona maola amene watchova pa sabata, koma maolawo ndiye ofunika nyengo ino, liwiro lisiyeni kaye. Ife tinagwirizana kuti pa ulendo wa Loweruka amene ali ndi mphamvu zambiri ndi amene azikhala kumbuyo kwenikweni, ndipo pamwamba pa chitunda chilichonse timadikirana mpaka womaliza afike, apume, amwe madzi, ndiye tinyamuke. Osati iye akungofika inu n'kunyamuka, kumeneko si kudikira. Akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Amene magazi akuwira ali ndi tsiku lawo pakati pa sabata, apite ku Kanjala kapena pa chitunda china chilichonse akakwere n'kutsika kangapo mpaka akhutire, tsiku limodzi lotere pa sabata ndi lokwanira.

Kwa woyamba kumene ndinganene kuti katatu pa sabata ndi bwino, kawiri maulendo aafupi a ola limodzi kapena kucheperapo musanapite ku ntchito, kamodzi ulendo wautali kumapeto kwa sabata. Ulendo wautaliwo muziuwonjezera pang'ono chabe, mphindi 15 kapena 20 sabata iliyonse, ndipo pakatha masabata atatu yachinayi muchepetse dala kuti thupi lipume, chifukwa thupi limamangika pamene mukupuma ndi kugona, pamsewu mumangolipatsa chifukwa choti limangike. A World Health Organization amati munthu wamkulu azipeza mphindi 150 mpaka 300 pa sabata zolimbitsa thupi mwapakatikati, ndiye mukaona ndondomeko imeneyi mwakwanitsa kale. Amene muli ndi BP kapena shuga, kapena mumamva kuwawa pachifuwa mukakwera chitunda, pitani kaye kuchipatala akakuyezeni musanayambe, chonde.

Misewu tili nayo. Wopita ku Mwami kumalire ndi Malawi ndi wabwino kuyambirapo, makilomita 20 ndi kanthu kupita, ndiye kupita ndi kubwera mwapeza ulendo wokwanira bwino wa munthu amene wangotha masabata ochepa. Mbali ya ku Katete pa Great East Road ndiye kuli mtunda wautali wokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, mumadutsa njira yolowera ku Mtenguleni kumene kumachitikira Nc'wala mu February, ndipo mungatembenukire paliponse pamene miyendo yakuuzani. Wa ku Mfuwe ndi wokoma koma ndi wonyenga, poti ukulowera kuchigwa cha Luangwa kotero popita njinga imathamanga yokha iwe n'kumadziona ngati ngwazi, pobwerera ndiye umalipira zonse, ndiponso kumunsiko kumafunda msanga kuposa kuno. Muziwerengera zobwerera musanatsike kwambiri.

Tsopano za chisanu chenichenicho, poti sindikufuna kunama kuti kulibe. Mu June dzuwa limatuluka 6 koloko itadutsa pang'ono, ndiye mukanyamuka cha m'ma 05:30 kumakhala kudakali mdima ndipo mphindi 20 zoyambirira zimawawa. Poipa kwambiri ndi m'madambo. Mpweya wozizira ndi wolemera, usiku umatsikira m'malo otsika n'kukhazikika momwemo, ndiye umatha kuchoka pamtunda pofunda bwino n'kutsetsereka kulowa m'nkhungu yoyera pa kamlatho, mwadzidzidzi zala zachita dzanzi, ukufuna kugwira buleki koma sukumva ngati chala chafikapo, misozi ikutuluka yokha ndi mphepo, mphuno ikuchucha, pa nsidze pali timadontho ta mame. Ukakwera tsidya linalo dzuwa n'kukumenya kumsana, zala zimayamba kuyabwa pamene magazi akubwerera. Pa njinga kumazizira kuposa mmene foni ikunenera chifukwa iwe mwini ukupanga mphepo, potsetsereka ndiye kwambiri.

Mankhwala ake sakhala ku shopu yodula, ali pa salaula. Magulovu, olo aubweya wamba. Kansalu kophimba makutu kolowa pansi pa helemeti. Zovala zopyapyala ziwiri kapena zitatu zosanjikiza zimaposa chijekete chimodzi chokhuthala, chifukwa ikamakwana 8 koloko mudzafuna kuvula chimodzi n'kuchipinda m'thumba, pamene chijekete chachikulu mulibe pochiika ndipo mumangosambamo thukuta. Chamkati chisakhale cha thonje ngati mungathe, thonje likanyowa limasunga madzi n'kumakuziziritsani, majezi a mpira aja ndi abwino. Mawondo muziphimba, ili ndiye ndimalinena kawirikawiri, bondo lilibe mnofu wambiri woliteteza ndipo kulikakamiza giya yolemera lili lozizira ndi kuitana mavuto. Yambani ndi giya yopepuka mwendo uzizungulira msanga, cha m'ma 80 kapena 90 pa mphindi mukazolowera. Njira ina yakale imene akatswiri a ku Ulaya ankachita pamwamba pa mapiri asanatsetsereke ndi kulowetsa nyuzipepala pachifuwa mkati mwa jezi, imatchinga mphepo bwino kwambiri ndipo kukafunda mumangoichotsa, koma musaitaye mumsewu.

Bondo likamawawa kutsogolo nthawi zambiri chishalo chatsika kwambiri. Khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Mukabwezera phazi pamalo pake bondo lidzakhala lopindika pang'ono, pamenepo ndiye poyambira.

Madzi ndiye amene anthu amaiwala nyengo ino. Kukazizira ludzu silimveka, koma mpweya wa June ndi July ndi wouma kwambiri, thukuta limauma lisanaoneke ndipo popuma pokha mukutaya madzi. Botolo la theka la lita pa ola ndi muyeso wabwino woyambira, muzimwa pang'onopang'ono musanamve ludzu. Ulendo ukapitirira ola limodzi ndi theka muzidyanso, ndipo apa ndiye nyengo yathu imatikondera, chifukwa ndi nthawi imene anthu akolola. Kandolo wophika ali paliponse, nthochi, nshawa zokazinga, chinangwa, nzimbe, vitumbuwa zotentha. Kandolo mmodzi wapakatikati m'thumba la jezi amakufikitsa kutali kuposa timapaketi todula tija ta zakudya zopatsa mphamvu tochokera kunja. Pali amayi ena pa kamsika ka m'mbali mwa msewu amene timakonda kuimapo, amakhala atakhala pa mpando waung'ono pafupi ndi mbaula, chitenje china m'chiuno china paphewa, thobwa lili m'chidebe chovindikira ndi nsalu. Akationa patali amayamba kale kutsuka makapu, ndipo asanatipatse amatiuza kuti ana anga yambani mwaotha manja, mugwetsa kapu. Timazungulira mbaula ija manja ali pamoto, mahelemeti ali kumutu, kenako thobwa lija limatsika ndi kandolo. Mukafika kunyumba musadikire mpaka madzulo, idyani msanga, nsima ndi nyemba kapena kapenta kapena mazira, thupi likufuna zomangira.

Fumbi ndi utsi ndiye mbali yoipa ya nyengo ino ndipo sindiibisa. Kuyambira July anthu amayamba kutentha tchire, ena posaka mbewa ena pokonza minda, ndipo pena utsi umagona pamsewu mpaka osaona bwino kutsogolo. Mukaona chonchi chepetsani liwiro, kanikizani kumanzere kwenikweni, ndipo ngati ndi wambiri imani udutse, chifukwa woyendetsa galimoto amene ali mu utsi womwewo sakukuonani. Amene ali ndi mphumu asamale kwambiri, mpweya wozizira ndi utsi pamodzi zimatseka chifuwa, mankhwala anu opopera asatsale kunyumba. Fumbi nalo limadya tcheni. Anthu ambiri amaganiza kuti kuthira oyilo wambiri ndiye kusamala njinga, koma oyilo wochuluka amakoka fumbi n'kupanga phala lakuda lomwe limapala tcheni ndi mano a magiya. Pukutani kaye ndi kansanza, dontheza pang'ono pa mfundo iliyonse, zungulitsani, kenako pukutaninso kunja kuume. Oyilo wakuda wochoka mu injini ya galimoto ayi ndithu.

Minga nayo yauma nyengo ino ndiye kuponcha n'kosapeweka. Pampu, tchubu chapadera, zigamba ndi sulushoni zisamatsale. Ubwino wa kuno ndi woti pafupifupi pa mtengo wa mango uliwonse waukulu pali wokonza njinga, ndipo anthu amenewa ndi amisiri enieni. Ndimakonda kuwayang'ana akamagwira ntchito: amapopa tchubu n'kuchimiza m'beseni la madzi akuda, kuchizungulitsa pang'onopang'ono mpaka timathovu tituluke, pamenepo amabayapo kachitsotso ka machesi kuti pasasowe, amapukuta, amapala ndi kachidutswa ka sandipepa, kupaka sulushoni ndi chala n'kudikira. Kudikirako ndiye luso lake, sulushoni iyenera iume kaye isiye kunyezimira, ukamata ikadali yonyowa chigamba chimamatuka pa kilomita yachiwiri. Asanabwezere tchubu amayendetsa zala mkati mwa tayala kusaka munga umene unalasa. Chokhacho dziwani kuti ambiri alibe matchubu a matayala oonda a njinga za mpikisano ndipo pampu zawo sizilowa pa mavavu oonda aja, ndiye zimenezo nyamulani zanu.

Za magalimoto ndilankhule mosapsatira. Great East Road ndi msewu wa malole opita ku Malawi, mathanki a mafuta, mabasi a ku Lusaka amene amanyamuka usikusiku, ndipo nyengo ino kulinso malole onyamula thonje, fodya ndi chimanga. Madalaivala ambiri ndi abwino, amaliza hutala patali n'kukupatsa malo. Koma alipo ena amene amadutsa pafupi kwambiri moti mphepo ya lole imakukoka, ndipo mnzathu wina anagwera m'mbali mwa msewu chifukwa cha zotere, mwamwayi anangosupuka chigongono. Choncho nyali yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo, chovala chowala kapena chonyezimira, helemeti yomanga bwino pachibwano. Tiyende kumanzere, ndipo pamene pali magalimoto tikhale mzere umodzi, zocheza awiriawiri ndi za pamene msewu uli zii. Mahedifoni m'makutu ayi. M'mawa dzuwa likamatuluka kumbukirani kuti mukamalowera kum'mawa, mbali ya ku Mwami, dzuwa limamuthobwa m'maso dalaivala amene ali kumbuyo kwanu.

Ena amandiuza kuti ine ndilibe njinga ya masewera. Njinga ndi njinga. Tauni ino inali ndi fakitale yake ya njinga, Luangwa Industries, imene inkatulutsa njinga za Eagle, ndipo makolo athu ankapita nazo ku Chadiza ndi ku Katete opanda giya ngakhale imodzi. Njinga za Buffalo zimene zadzaza m'midzimu ndi zolemera inde, koma pa ulendo wofatsa wa maola awiri mtima sudziwa kuti mwakwera njinga ya mtengo wanji. Mountain bike za salaula nazo zili bwino bola mabuleki akugwira. M'gulu mwathu muli mlongo wina mphunzitsi amene anayamba ndi njinga yakuda ya bambo ake, masabata oyamba ankatsika pa chitunda chilichonse, manje amafika ku Mwami n'kubwerera akucheza njira yonse. Ndipo ndikufuna azimayi achuluke, chifukwa kuno mzimayi pa njinga si chachilendo, amanyamula mwana kumbuyo ndi thumba la chimanga kupita kuchigayo tsiku ndi tsiku, chachilendo n'choti akwere chifukwa cha thanzi lake iye mwini. Azibambo a m'gulu tiziwalandira bwino, ndipo zonena zopusa za m'mbali mwa msewu tiziziyankha ife.

July amatithandizanso mwanjira ina, ndi mwezi wa Tour de France, mpikisano waukulu wa njinga wa ku France, ndiye masana ukaonera pa TV m'mawa mwake umadzuka wekha. Kale tinkaonera ngati masewera a azungu okhaokha koma zinthu zasintha. Mu 2015 Daniel Teklehaimanot wa ku Eritrea anavala jezi ya madontho ofiira ya katswiri wa mapiri kwa masiku angapo. Mu 2024 Biniam Girmay, wa ku Eritrea komweko, anapambana zigawo zitatu n'kutenga jezi yobiriwira ya wotsogola pa mapointi mpaka kumapeto. Mu September 2025 mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga za pamsewu unachitikira ku Kigali ku Rwanda, koyamba mu Africa muno. Eritrea ndi Rwanda ndi mayiko a mapiri kumene njinga ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, chimodzimodzi kuno. Ndikaona kamnyamata ka zaka 14 kakukwera chitunda ndi zigubu za madzi pa keliyala osatsika, ndimadziwa kuti miyendo ilipo m'chigawo chino, chosowa ndi wokauza kuti zimenezi ndi masewera ndipo zili ndi kokafika. Olo aja a Tour d'Afrique amene amatchova kuchoka ku Cairo mpaka ku Cape Town amadutsa pompano pochokera ku Lilongwe kulowera ku Lusaka, msewu womwewu umene ife timauona ngati wamba.

August akafika kumabwera mphepo ija yamphamvu yochokera kum'mawa ndi kum'mwera chakum'mawa, yonyamula fumbi ndi mapepala. Imeneyo ndiye mayeso oyamba a zimene mwasunga mu June ndi July. Langizo langa ndi loti pa maulendo wamba muziyamba molimbana nayo miyendo ikadali yatsopano kuti pobwerera ikukankheni, ndipo pagulu muzisinthana kutsogolo, wotsogola amatchinga mphepo ndipo amene ali kumbuyo kwake amapulumutsa mphamvu zambiri ndithu, koma izi zimafuna kuzolowerana, osagwira buleki mwadzidzidzi, ndipo dzenje ukaliona umaloza ndi dzanja kuti wakumbuyo adziwe.

Cholinga chathu chaka chino ndi Katete. Kulamba imachitika kumapeto kwa August ku Mkaika kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo tikufuna tikafike pa njinga, makilomita opitirira 80 kuchoka kuno. Tidzanyamuka tsiku lisanafike la mwambo chifukwa pa tsikulo msewu umadzaza magalimoto ochoka mbali zonse, ena ku Malawi ena ku Mozambique, si tsiku loti gulu la njinga likhale pamsewu. Popita mphepo idzakhala kumbuyo kwathu mbali yaikulu, pobwerera ndiye idzatipeza kumaso, choncho amene akuona kuti sangathe kubwerera pa njinga anene msanga tipeze galimoto yonyamula njinga zawo, palibe chochititsa manyazi pamenepo. Koma kuti munthu adzakhale nawo pa ulendo umenewu tikufuna akhale atayendako maola anayi pa chishalo kangapo August asanafike pakati, ndiye amene njinga zanu zili kuseri kwa chitseko popani matayala lero madzulo muone ngati akusunga mpweya, muyesenso mabuleki onse awiri. Loweruka tikulowera mbali ya ku Mwami, ndipo wopanda nyali yakumbuyo anene pa gulu pofika Lachisanu, ndili nazo ziwiri zobwereketsa.